Lemberani munthu amene sadina linki: kapekedwe ka mitu ya nkhani za matenda a maganizo

Pano pa Nkhotakota anthu ambiri amene ndimawadziwa sagula bandulo ya intaneti yonse. Amagula ya WhatsApp kapena ya Facebook, chifukwa ndi imene thumba limakwanitsa. Ndiye linki ikagwa pagulu la mpingo, la ochita geni ya usipa kapena la anthu akumudzi kwawo, chimene amaona ndi kachithunzi, mutu wankhani ndi timawu tochepa pansi pake. Akadina, foni imangozungulira, tsamba osatseguka. Amabwerera n'kuitumiza linkiyo kugulu lina asanawerenge n'chiganizo chimodzi chomwe. Kwa munthu ameneyu, mutuwo ndiye nkhani yonse.

Si kwathu kokha. Mu 2016 akatswiri a pa Columbia University ku America pamodzi ndi anzawo a ku France anapeza kuti pa malinki 100 alionse amene anthu ankagawana pa Twitter, 59 panalibe amene anawadina. Kumeneko ndi kwa anthu amene intaneti sawerengera. Nanga kuli bwanji kwa munthu wa ku Benga kapena ku Chia amene mayunitsi amachita kubwereka?

Ikakhala nkhani ya mpira kapena ya mtengo wa mpunga, mutu wopindika umangoutsa mtsutso wa pabawo, mawa lake waiwalika. Nkhani ya matenda a maganizo ndi ina. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse ali ndi vuto la mtundu umenewu. Gulu la pa WhatsApp la anthu 200 liwerengereni nokha. M'menemo muli msodzi amene mwera wamukhazika pamtunda sabata yathunthu, ngongole ya katapila ikuswana. Muli mayi amene anachira miyezi iwiri yapitayo, koma khanda likalira iye nayenso amangolira osadziwa chifukwa chake. Muli bambo amene mwana wake wabwera kusekondale akuyankhula yekha. Onsewa sayankhapo kanthu pagulupo, koma mutuwo amauwerenga, nthawi zambiri usiku ali okha. Ndikamapeka mutu wa nkhani zotere, ndimayamba ndawakhazika anthu amenewa patsogolo panga.

Izi sindinaphunzire m'kalasi. Zaka zingapo zapitazo ndinkathandiza gulu lina la achinyamata kuponya nkhani za m'dera lathu pa Facebook. Tsiku lina mnyamata wina anasokonezeka pamsika, akukuwa, mpaka anagubuduza benchi ya tomato. Ndinalemba mutu wakuti "Wamisala asokoneza malonda pamsika", ndipo pofika madzulo unali utazungulira magulu ambirimbiri. Patapita masiku atatu mayi wina wachikulire anandipeza kunyumba. Mpando anaukana, anakhala pamkeka, tinachita malonje monga mwa mwambo. Kenaka anati:

"Mwanangu, akuti ndinu munalemba za pamsika zija?"

"Ndine, mayi."

"Uja ndi mwana wanga. Ali ndi dzina, ndipo Folomu 4 anakhoza. Mankhwala amamwa bwinobwino, kungoti mwezi uno ndalama ya kabaza yokatengera ena inasowa. Lero mlongo wake wakana kupita kusukulu. Anzake akumuti mlongo wa wamisala wa pafoni."

Sanakalipe. Anangopempha kuti ndichotse. Ndinachotsa iwo ali pomwepo, koma ena anali ataujambula kale mutuwo n'kumatumizirana ngati chithunzi, ndipo chimenecho ndinalibe nacho mphamvu. M'ndime yachitatu ya nkhaniyo ndinali nditalemba kuti matendawa ali ndi mankhwala ndipo anthu amachira. Palibe amene anafika ndime yachitatu.

Munthu atsogole, matenda abwere pambuyo

Tikati "wamisala", kamawu kakuti "wa" kamamupereka munthu yense m'manja mwa matenda, ngati mmene timanenera wa ku Linga kapena wa kwa Malengachanzi: uko ndiye kwawo, ndiwo mtundu wake. Chimodzimodzi "wopenga", "wozungulira mutu", ndi aja amati "wa ku Zomba". Zomba Mental Hospital ndi chipatala chimene anthu amagonekedwa, kulandira mankhwala n'kubwerera kwawo, koma m'kamwa mwathu dzinali lasanduka choopsezera ana. Mutu uliwonse umene ukulitchula monyogodola ukuwonjezera mantha a banja limene dokotala waliuza kuti m'bale wawo apite kumeneko.

Kusintha mawu otere si chachilendo kwa ife. Tinasiya kulemba "wa Edzi" n'kuyamba kunena "amene ali ndi kachilombo ka HIV". Mayina achipongwe otchulira anthu achialubino wailesi yodzilemekeza siwatchulanso. Poyamba zinkamveka zazitali ndi zokakamiza, lero khutu linazolowera. Vuto lenileni ndi lakuti "munthu amene akudwala matenda a maganizo" ndi mawu odya malo, akhoza kumaliza mutu wonse. Njira yake ndi kumutchula munthuyo ndi chimene ali: msodzi, mphunzitsi, mayi, wophunzira, wakabaza. Matendawo alowe ngati chinthu chimene chamugwera, chimene chikhoza kuchoka. "Msodzi wabwerera panyanja atachira matenda a maganizo" ndi mutu umene mwini wake akhoza kuuwerenga osagwetsa nkhope. Zitsanzo zonse za mitu zimene ndikupereka kuyambira apa ndi zongopeka, sizikunena munthu weniweni, kupatula mutu wa mlimi wa kumapeto kwa nkhani ino.

Pali funso lina limene liyenera kubwera msanga: kodi matendawo akufunika kutchulidwa m'mutu? Nkhani za upandu ndi zimene timalakwitsa kwambiri. Wina akavulaza mnzake, mboni imodzi ikangoti "amaoneka kuti mutu suyenda bwino", mawuwo akwera kale pamwamba. Mboni si dokotala. Komanso anthu ambiri odwala matendawa sachita zachiwawa. Kawirikawiri iwowo ndi amene amamenyedwa, kugendedwa ndi kumangidwa zingwe. Wowerenga akamakumana ndi mawu akuti "misala" pafupi ndi "wapha" kapena "wavulaza" mwezi ndi mwezi, amayamba kuopa neba wake amene sanapsepo mtima ndi munthu.

Tchulani vutolo ndi mawu amene wodwala amadzitchulira

Mawu akuti "misala" amaunjika zinthu zosiyana m'dengu limodzi. Khunyu, kapena kuti linjirinjiri, ndi matenda a ubongo ogwetsa munthu, si misala. Kumva mawu amene ena sakumva ndi vuto lina. Chisoni chosatha chimene chimamulanda munthu tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zogwirira ntchito ndi linanso, ndipo ili ndi limene lili ndi anthu ochuluka. Koma mayi amene ali nalo sadzitcha wamisala, ndiye akaona mutu wa misala amadutsa, amati si za ine.

Tamverani mmene anthu amayankhulira pabenchi ya kuchipatala. Amati "ndikumaganiza kwambiri". Amati "mtima ukumathamanga", "mutu sukundipola", "tulo sitikubwera", "thupi lonse langofooka koma malungo sanawapeze". Ena amangoti ndi BP. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda, amene anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Harare yophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika, anamanga ntchitoyo pa mawu a Chishona akuti kufungisisa, amene tanthauzo lake ndi lomweli la kuganiza kwambiri. Anthu ankabwera pabenchipo chifukwa vuto lawo linatchulidwa ndi dzina limene ankalidziwa kale.

N'chifukwa chake ine sindikonda kuyamba mutu ndi "matenda okhumudwa". Mawuwa alipo ndipo azaumoyo amawagwiritsa ntchito, koma kwa munthu wamba kukhumudwa ndi zimene umamva mnzako akakunamiza kapena timu yako ikagonja. Yerekezani mitu iwiri iyi. Woyamba: "Zizindikiro za matenda okhumudwa". Wachiwiri: "Kuganiza kwambiri, kusowa tulo, kufooka: ndi matenda, ndipo amachizika". Wachiwiriwu ndi wautali, koma munthu amadziona m'menemo, ndipo ngakhale asadine watolapo zinthu ziwiri, kuti si iye yekha komanso kuti thandizo lilipo. Dzina lachipatala la matendawo lidikire m'kati mwa nkhani. Phindu lina ndi lakuti munthu akamafufuza pa Google amalemba zimene akumva m'thupi, osati dzina limene sanalimvepo.

Nkhani ya kudzipha: apa mutu ukhoza kuwonjezera maliro

Apa ndichedwapo, chifukwa umboni wake ndi wolemera. Mu 1974 katswiri wa ku America David Phillips anaonetsa kuti manyuzipepala akaika nkhani ya munthu wodzipha patsamba loyamba, chiwerengero cha odzipha chinkakwera m'masabata otsatira. Ku Vienna, likulu la Austria, m'zaka za m'ma 1980 anthu odzipha pa sitima zapansi pa nthaka ankachuluka, manyuzipepala akulemba imfa iliyonse ndi mitu ikuluikulu. Mu 1987 akatswiri anakambirana ndi atolankhani kuti asinthe kalembedwe, ndipo m'miyezi yotsatira imfa za pamalopo zinatsika ndi kuposa theka. Katswiri wa zisudzo wa ku America Robin Williams atadzipha mu 2014, nkhani zambiri zitafotokoza mwatsatanetsatane mmene zinachitikira, ofufuza anapeza kuti odzipha ku America anawonjezeka ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse m'miyezi yotsatira. WHO, imene imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, inatulutsa malangizo a atolankhani pankhaniyi mu 2000 ndipo yakhala ikuwakonzanso, komaliza mu 2023.

Zimatheka bwanji kuti mutu uphe munthu? Munthu amene ali bwino sadzipha chifukwa wawerenga nkhani. Koma pali wina amene waima kale m'mphepete, maganizo akukokana, mbali ina ikufuna kufa, ina ikufuna kukhala ndi moyo. Nthawi yoopsa chonchi kawirikawiri imakhala yaifupi, imadutsa. Mutu ukamupatsa njira, ukamuonetsa munthu wofanana naye, n'kumuuza kuti vuto ngati lake ena amalithetsa chonchi, wamukankha panthawi imene akanatha kudikira kuti kuche.

Choyamba kuchotsa m'mutu ndi njira. Chichewa chathu chili ndi aneni angapo amene amatchula imfayo ndi njira yake m'liwu limodzi. Mukuwadziwa, sindiwalemba pano. Dzina la mankhwala, chida, mtengo, mtsinje kapena gombe limene zachitikira, zonsezi zisapezeke m'mutu, m'timitu ta m'kati, ngakhale m'nkhani momwe. Kudera la alimi ngati lathu, kutchula dzina la mankhwala ndi kulozera munthu chinthu chimene chili kale m'nyumba mwake. Ngakhale liwu lakuti "kudzipha", ngati nkhani ndi ya imfa ya munthu mmodzi, ndi bwino lisakwere pamutu. "Mudzi ukulira mphunzitsi wa zaka 34" wanena zoona ndipo sanaphunzitse munthu kanthu.

Chachiwiri ndi chifukwa chimodzi. Iyi ndi nthenda yathu yaikulu: "chifukwa cha ngongole", "atakanidwa ndi chibwenzi", "atakangana ndi mkazi wake", "atalephera mayeso". Mawu otere amachokera m'malipoti apolisi, amene amalembedwa mogwirizana ndi ntchito yawo, okhala ndi dzina, zaka, mudzi ndi mfumu yaikulu. Ntchito ya wolemba nkhani ndi kupeta, osati kukhuthula lichero lonse pamutu. Palibe munthu amafa chifukwa cha chinthu chimodzi. Mvula ikakuona litsiro siikata: pamakhala matenda amene sanaonedwe, mowa, kusowa tulo kwa miyezi, manyazi, kusowa womuuza, kenaka ngongoleyo imangokhala dontho lomaliza. Anthu a ngongole m'boma lino ndi ochuluka zedi, m'mabanki m'khonde ndi kwa akatapila. Mutu wakuti "chifukwa cha ngongole" ukuwauza onsewo kuti msewu wawo umathera kumeneko. Ndipo ganizirani mkazi wotsalayo. Mutu wamuweruza kale maliro asanaikidwe. Apongozi ndi alamu auwerenga, ana ake adzaupeza pa intaneti akadzakula.

Mawu ena ooneka achifundo nawonso ndi msampha. "Wapumula", "wathana ndi mavuto ake", amaonetsa imfa ngati mankhwala. "Walephera kudzipha" amachititsa kupulumuka kumveka ngati kugonja, pamene ndi nkhani yabwino kuposa zonse m'mudzimo. Munthu wopulumuka asazindikirike n'komwe. Kwa zaka zambiri malamulo athu akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo mantha amenewo amabisitsa anthu amene akanapita kuchipatala. Mawu ngati "mliri wa kudzipha" nawo amangopangitsa chinthuchi kuoneka ngati chimene aliyense akuchita.

Kodi ndiye tizingokhala chete? Ayi ndithu. Mu 2010 Thomas Niederkrotenthaler ndi anzake, ku Vienna komweko, anapeza mbali ina ya nkhaniyi: nkhani zofotokoza anthu amene anafika poganiza zodzipha koma anapeza njira yopirira zinkatsatiridwa ndi kutsika kwa imfa zotere. Mphamvu yomwe ija yokopa imagwiranso ntchito kumbali yabwino. Ziwerengero zimene apolisi amatulutsa zimaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ife amene tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Mutu wakuti "Ndinauza mnzanga wa m'boti, ndi mmene ndinapulumukira" ukhoza kuchita zimene ulaliki wautali sungachite, chifukwa ukuonetsa mwamuna akutsegula pakamwa ndipo dziko silinamugwere.

Zilembo 60 zimatha msanga m'Chichewa

Google imaonetsa zilembo pafupifupi 60 za mutu, zotsalazo imadula, ndipo pafoni yaing'ono WhatsApp ndi Facebook nazo zimadula. Chichewa chimadya malo: "matenda a maganizo" pawokha ndi zilembo 18 kuwerengera mipata. Ife timakondanso kuyamba ndi kufotokoza munthu, chenicheni n'kubwera kumapeto, monga mmene timachitira pokamba nkhani pabwalo. Taonani mutu uwu: "Mayi wa ana atatu wa ku Dwangwa amene chaka chatha ankafuna kudzipha tsopano akulimbikitsa anzake". Cholinga n'chabwino, koma liwu lakuti "tsopano" lisanafike, zilembo 60 zatha kale. Chotsala pafoni ndi mdima wokhawokha. Utembenuzeni: "Anapeza womumvetsera, lero akulimbikitsa amayi anzake ku Dwangwa". Uduleni paliponse, chotsalacho sichivulaza. Musanaponye nkhani, dzitumizireni linkiyo pa WhatsApp muone pamene yadukira.

Mitu ya mafunso ndi ya malonjezo ifunika kuisamala. "Kodi chamba chimayambitsa misala?" amasiya munthu amene sadina ndi yankho limene anali nalo kale. Muyankheni pomwepo: "Chamba chimakweza chiopsezo cha matenda a maganizo, makamaka kwa achinyamata". Akatswiri a ku Australia motsogozedwa ndi Ullrich Ecker anaonetsa mu 2014 kuti mutu wosocheretsa umapotoza zimene munthu amakumbukira ngakhale atawerenga nkhani yonse, choncho musadalire kuti ndime zapansi zikonza. Za malonjezo, monga "Thetsani nkhawa lero ndi njira 5 izi" kapena "Masamba awa amachiza misala", ndi zoopsa kuposa mmene zimaonekera. Mankhwala a matenda a maganizo ngati amitriptyline ndi fluoxetine amatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha. Amene wamwa masiku 10 osaona kanthu, akakumana ndi mutu womulonjeza kuchira lero, amataya mapilitsi.

Pali mutu wina umene anzanga ophunzira amaukonda: "Si ufiti, ndi matenda". Mfundo yake ndikugwirizana nayo, koma mutuwo ndinasiya kuulemba. Amene amagamula kumene wodwala apite si mnyamata wa foniyo. Ndi agogo, amalume, mwinimbumba. Kwa iwo nkhani ya kulodzedwa kapena ya majini si nthabwala, ndipo mutu umene ukuyamba ndi kuwatsutsa amautseka, mwana n'kukhala miyezi kwa asing'anga. Kuno kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, mutu wakuti "Mapemphero apitirire, koma kuchipatala apitenso" umalowa m'nyumba zambiri, ndipo ashehe ndi abusa akhoza kuutumiza okha kwa anthu awo. Chimene sindingalole n'kamodzi komwe ndi mutu wonena kuti wakutiwakuti "walodzedwa" ngati chinthu chotsimikizika. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti, ndipo tonse tikudziwa chimene chimagwera nkhalamba ya m'mudzi mawu otere akayamba kuyenda.

Timitu ta m'kati: mutu umodzi susenza denga

Mwambiwu umanena za anthu, koma pankhani yolemba umakwananso. Mutu waukulu ukamukopa munthu n'kulowa, sawerenga ngati buku. Kafukufuku wa mu 1997 wa Jakob Nielsen, katswiri wa masamba a pa intaneti, anapeza kuti 79 mwa anthu 100 alionse ankangoyendetsa maso patsamba la pa intaneti, ndipo 16 okha ndi amene ankawerenga liwu ndi liwu. Apo n'kuti kulibe mafoni a masiku ano oyendetsa ndi chala. Onjezani kuti munthu wodwala nkhawa kapena chisoni chosatha amavutika kuika maganizo pachinthu chimodzi. Ndime zazitali zimangosanduka chifunga. Timitu ndi timene amagwira.

Ndiye kamutu kalikonse kazinena kanthu. "Mawu oyamba", "Zizindikiro", "Chithandizo", "Pomaliza" ndi zikwangwani zopanda uthenga. M'malo mwa "Zizindikiro" lembani "Zikapitirira masabata awiri, kaonaneni ndi achipatala", popeza masabata awiri ndiwo muyeso umene azaumoyo amagwiritsa ntchito posiyanitsa chisoni wamba ndi matenda. M'malo mwa "Amayi ongobereka kumene" lembani "Kulira kosatha mutabereka si ulesi kapena kusakonda mwana". WHO imati m'mayiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 amakumana ndi vuto la maganizo akangobereka, choncho kamutu kameneka kali ndi eni ake ambiri. Mukamaliza kulemba, bisani ndime zonse muwerenge timitu tokha kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati munthu wowerenga timeneto tokha angadziwe vuto, kudziwa kuti limachizika ndi kumene angapite, mwakhoza. Malamulo onse a mutu waukulu amagwiranso ntchito apa. Njira imene mwaichotsa pamwamba isabwerere pakamutu.

Kamutu konena za thandizo kasakhale kumchira. Ambiri timakaika pamapeto penipeni ngati zolengeza za kutchalitchi, pamene wowerenga wotopa kapena amene bandulo yamuthera safikako. Kakwereni pamwamba, ndipo katchule malo enieni. Munthu ayambire kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena pachipatala chaching'ono chapafupi, kumene angamutumize kuchipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha Salima. Pa mavuto aakulu pali Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ana ndi achinyamata ali ndi nambala yaulere ya 116, ndipo palinso Chipatala Cha Pa Foni, kumene munthu amaimba n'kufunsa za umoyo. Nambala iliyonse muyambe mwaiimba nokha tsiku loponya nkhaniyo. Munthu amene walimba mtima kamodzi kokha n'kupeza foni yosayankhidwa mwina sadzayesanso.

Pakati pa mutu ndi nkhani pali kachiganizo kamodzi kamene ambiri amakanyozera, kaja kamaoneka pansi pa mutu linki ikafika pa WhatsApp. Ambiri amangobwerezamo mutu. Amenewo ndi malo a golide, chifukwa ndi omaliza amene munthu wa bandulo ya WhatsApp amaona. Ikanimo chimene mutu unalephera kunyamula: kumene thandizo lili, kapena chinthu chimodzi choti achite lero. Za chithunzi ndingonena mwachidule: munthu wa nsanza, wa unyolo kapena wogwira mutu ndi manja awiri amafafaniza ntchito yonse imene mawu agwira.

"Koma mitu yofatsa anthu sadina"

Awa ndi mawu amene achinyamata olemba nkhani amandiuza kawirikawiri, ndipo sindiwatsutsa kotheratu. Mutu wa magazi umathamanga, n'zoona. Koma kusamala si kuzizira. Mitu yozizira ndi ija timalemba pa 10 September, tsiku lopewa kudzipha, ndi pa 10 October, tsiku la umoyo wa maganizo padziko lonse: "Boma la Nkhotakota lichita mwambo wokumbukira tsiku lakutilakuti". Umenewo suvulaza munthu, komanso suthandiza munthu. Chimene chimakoka wowerenga ndi kumutchulira chinthu chenicheni cha m'moyo wake. Madzi osefukira atasesa Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, nkhani zambiri zinali za nyumba, misasa ndi ufa. Mutu wakuti "Madzi anaphwa, koma mvula ikawaza ana sakugona" ukanadinidwa ndi kholo lililonse la kumeneko, popanda liwu limodzi loopseza.

Mwezi wathawu mtsikana wina amene akuphunzira kulemba anandibweretsera nkhani yabwino ya mlimi wa mpunga amene anadwala mbewu zitapsa ndi dzuwa, mkazi wake n'kumuperekeza kuchipatala. Tinakhala pakhonde ndi foni yake. Mutu wake woyamba unali ndi liwu lakuti "wapenga". Ndinamufunsa ngati angauwerenge mokweza mlimiyo atakhala pampando uwo. Anapukusa mutu. Wachiwiri unayamba ndi ngongole ya feteleza.

"Achimwene, koma ngongoleyo ndi yoona," anatero.

"Ndi yoona, chemwali. Koma ndi alimi angati a ngongole auone usiku uno, ndipo uwauza chiyani?"

Anakhala chete, akufufuta ndi kulembanso. Wachitatu unali wabwino koma wautali. Titadzitumizira pa WhatsApp unadukira pa liwu lakuti "kudwala". Anasuntha mawu, kuchira n'kubwera kutsogolo. Umene anaponya unali wakuti "Wabwerera kudimba: mlimi amene kuganiza kwambiri kunamugoneka". Pansi pake analemba kuti: "Mkazi wake anaona kuti sakudya, sakugona. Thandizo analipeza pachipatala chapafupi, ndipo inunso mukhoza kuyambira pomwepo."